Torquata kapena torquatus? Mchira wa dzina la mbalame wavuta pa gulu

Nabanda (Mufakose): Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso koma musandiseke. Loweruka ndikupita ku dambo la Monavale, kuno ku Harare, ndi ana a kalabu ya zachilengedwe ya kusukulu kwathu, ndiye ndinalemba mndandanda wa mbalame zomwe tingakaone kumeneko. Mayina a sayansi ndinakopera m'buku lakale la malemu agogo anga, lomwe bwana wawo anawasiyira pamene ankagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Highlands. Ndasindikiza kale mapepala 40 m'tauni. Madzulo ano ndikuyang'ana pa foni kambalame kaja kakuda mutu, kofiirira pachifuwa, kokonda kutera pansonga pa udzu. Buku likuti Saxicola torquata, foni ikuti Saxicola torquatus. Ine ndaganiza kuti mwina torquatus ndi kakamuna, torquata kakakazi. Ndi choncho?

Jombo wa ku Mbare: Ndiye kuti tambala ndi Gallus gallus, thadzi ndi Galla galla 😂

Nabanda (Mufakose): Ndanena kuti musandiseke inu achimwene.

Mwale wa ku Chivero: Ayi achemwali, dzina ndi limodzi, kaya mbalameyo ndi yaimuna kaya yaikazi. Buku lanu ndi lakale basi. Lero timalemba torquatus. Ine ndikamayenda ndi alendo kunyanja kuno zimenezi zimandipeza kawirikawiri, mzungu wachikulire akutchula dzina lomwe anaphunzira ali mnyamata, mdzukulu wake akumutsutsa ndi foni. Ndipo si mbalame imodzi yokhayi. Onani bwino mndandanda wanuwo, mupezamo zina.

Nabanda (Mufakose): Mayo ine, ndalama zanga. Koma chifukwa chake n'chiyani? Mbalame ndi yomweyo, dambo ndi lomwelo, asintha malemba awiri akumapeto okha.

Jombo wa ku Mbare: Itanani agogo a ku Mabvuku. Chilatini chawo chija chakhala chikudikira tsiku ngati lino.

Agogo Chisale (Mabvuku): Ndilipo mdzukulu, ndimangowerenga. Poyamba ndikonze za Jombo: thadzi m'Chilatini ndi gallina. Tsopano iwe Nabanda, sunaphonye patali kwenikweni. Chimuna ndi chikazi chilipodi pa nkhaniyi, koma ndi cha mawu. Mbalame yake ilibe nazo kanthu. M'Chilatini dzina lililonse lili m'gulu limodzi mwa magulu atatu: lachimuna, lachikazi, ndi lachitatu losakhala uku kapena uku. Tebulo, mensa, ndi lachikazi. Munda, hortus, ndi wachimuna. Usandifunse amene anaona. Mawu ofotokoza dzinalo amasintha kumapeto kuti agwirizane ndi gulu lake. Ife amene tinakula Misa ikuchitika m'Chilatini tinkazimva tsiku ndi tsiku osadziwa. Mu Ave Maria timati benedicta tu, wodala iwe, ponena Maria, kenaka benedictus fructus, chodala chipatso. Mawu amodzi, michira iwiri. Ndinazimvetsa bwino nditalowa seminale, ngakhale unsembe unandikana. Choyera ndi albus, alba, album. Ndiye taona: khwangwala ndi Corvus albus chifukwa corvus ndi dzina lachimuna, pomwe kadzidzi woyera nkhope uja wogona m'madenga a matchalitchi ndi Tyto alba chifukwa Tyto ali m'gulu lachikazi. Kadzidzi wamphongo nayenso ndi alba.

Jombo wa ku Mbare: Khwangwala albus? Woyera? Amene anatchula dzinali sanafike ku Mbare Musika. Anaona kolala yokha.

Mayi Naphiri (Highfield): Bambo Chisale afotokoza bwino, koma ana inu musaone ngati n'zachilendo. Zimenezi timachita ifeyo pakamwa pathu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ine ndinaphunzira sukulu ku Dedza ndisanakwatiwe kuno, ndipo aphunzitsi a Chichewa ankatiimbitsa magulu a mayina: Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, Ka-Ti. Tanenani nokha: mbalame yoyera, kakowa woyera, chiwombankhanga choyera. Tsinde ndi lomwelo, koma mgwirizanitsi akutsata dzina. Ndipo mbalame yomweyo ukaisamutsa gulu, mfotokozi amasamuka nayo: mbalame yoyera, kambalame koyera, chimbalame choyera, timbalame toyera. Mwana akanena kuti "chimbalame yoyera" mumamukonza pomwepo, si choncho? Kusiyana kwake n'kwakuti ife timasintha kumutu kwa mawu, Aroma ankasintha kumchira, ndipo iwo magulu anali atatu okha. Ife tili nawo ambiri kuposa pamenepo, ndiye Chilatini chisatiopseze.

Tadala (Dzivarasekwa): Ngakhale Chishona amama, shiri chena koma bhiza jena.

Mayi Naphiri (Highfield): Eya, wakhoza mwanangu. Ndi zomwezo.

Mwale wa ku Chivero: Chitsanzo cha amayi cha kusamuka gulu ndicho chimachitika kwambiri. Dzina la sayansi lili pawiri. Loyamba lija amati genus, titi ndi mfunda wa mbalameyo, monga Phiri kapena Banda. Lachiwiri ndi la mtundu wake weniweni. Akatswiri akapima magazi ndi DNA n'kupeza kuti mbalame anaiika pa mfunda wolakwika, amaisamutsa, ndipo mfunda watsopanowo ukakhala wa gulu lina, mchira umasintha. Kakowa wamkulu woyera amene timamuona kuno ku Chivero ndiye wayenda maulendo. Linnaeus, katswiri wa zamoyo wa ku Sweden, mu 1758 anamutcha Ardea alba. Ena anadzamuika ku Egretta, akadali alba. Ena anati ayi, apite ku Casmerodius, ndiye anasanduka albus. Lero wabwerera kwawo, Ardea alba. Achoso a m'minda ya maluwa nawonso: mabuku ambiri akale ankawaunjika mu Nectarinia. Ataugawa mfundawo, Nectarinia venusta anakhala Cinnyris venustus, cuprea anakhala cupreus. Koma wakuda uja anapita ku Chalcomitra, mfunda wachikazi, ndiye mpaka lero ndi amethystina. Hurukuru (dzina la Chishona la mbalame ya mapiko ofiira ija) wa m'mitengo ya ku Mukuvisi Woodlands mumupeza ali porphyreolophus m'mabuku omuika ku Tauraco kapena Gallirex, koma porphyreolopha m'mabuku amene anamuika ku Musophaga.

Nabanda (Mufakose): Zimenezo ndamva. Venusta alimo pa pepala langa, ndiye ameneyo ndi wachiwiri. Koma dikirani. Kambalame kanga sikanasamuke. Buku likuti Saxicola, foni ikuti Saxicola. Komanso Saxicola akuthera ndi a ngati Maria. Bwanji akhale wachimuna?

Agogo Chisale (Mabvuku): Ehe! Wagwira pamene pali fupa. Apa m'pamene ana a seminale ankakwapulirapo mayeso. Mayina ambiri othera ndi a ndi achikazi, zoona, koma alipo ena ovala chitenje ali amuna. Mlimi ndi agricola, wamalinyero ndi nauta, mlakatuli ndi poeta. Mlimi wabwino amati agricola bonus. Ukalemba bona abambo mphunzitsi ankazunguliza ndi inki yofiira. Saxicola ndi mbale wake wa agricola: saxum ndi thanthwe, cola ndi wokhalapo. Wokhala pa matanthwe. Torquatus ndi wovala mkanda m'khosi, chifukwa cha banga loyera lija.

Mayi Naphiri (Highfield): Ngati kakowa ndi kadzidzi kwathu kuno. Akuyamba ndi ka, koma sitinena "kakowa koyera, tikowa toyera." Timati kakowa woyera, akakowa oyera. Mlendo wophunzira Chichewa amagwa pomwepo.

Agogo Chisale (Mabvuku): Mayi, mwandiposa. Ndi zimenezo ndendende.

Chikondi wa makompyuta (Avondale): Ndiwonjezere mbali ya malamulo, poti ntchito yanga inandigwetsapo m'dzenje limeneli. Mayina a nyama zonse amayendera buku la malamulo la ICZN. Lomwe likugwira ntchito pano ndi kope lachinayi, linatuluka mu 1999 n'kuyamba kugwira pa 1 Januwale 2000. Ndime 31.2 ndiyo imati dzina lachiwiri likakhala mfotokozi wa Chilatini ligwirizane ndi genus, ndipo ndime 34.2 imati likapanda kugwirizana lisinthidwe, palibe kupempha chilolezo. Za mawu ngati cola, amene angathe kunena mwamuna kapena mkazi, lamulo limati atengedwe ngati achimuna, pokhapokha ngati amene anayambitsa dzinalo anasonyeza kuti akulitenga ngati lachikazi. Saxicola anayambitsa ndi Bechstein mu 1802, ndipo anthu anakhala akulemba torquata zaka zambirimbiri osafunsa. Mu 2002 akatswiri awiri a ku Canada, Normand David ndi Michel Gosselin, anafukula zolemba zoyambirira za mayina a mbalame n'kufalitsa zomwe anapeza mu Bulletin of the British Ornithologists' Club. Kuchokera pamenepo michira yambiri inagwedezeka. Namzeze wa ku Ulaya uja wobwera kuno nthawi ya mvula anali Delichon urbica, anakhala urbicum, gulu lachitatu lija agogo anena. Ndipo Delichon si mawu n'komwe. Munthu anangotenga chelidon, namzeze m'Chigiriki, n'kusokoneza malemba.

Mwale wa ku Chivero: Achemwali muyang'anenso timbalame ta mu udzu tija, Cisticola. Ku Monavale tili mitundu ingapo. Nato ndi ta cola. Mukaona aridula kapena brachyptera m'buku la agogo, lero ndi aridulus ndi brachypterus. Nkhanga nayo, Numida, ikuthera ndi a koma ndi yachimuna, chifukwa m'Chilatini Numida ndi munthu wa ku Numidia. Dzina lake meleagris silikhudzidwa, koma mayina achitatu a nkhanga za zigawo anasintha, mitrata kukhala mitratus, coronata kukhala coronatus.

Nabanda (Mufakose): Chabwino, ndagwira lamulo. Ndikutenga cholembera, paliponse pamene mfunda ndi wachimuna ndiika us. Njiwa ya Streptopelia capicola ili bwino poti onse akuthera ndi a. Nantchengwa ndi Scopus umbretta, ndiye akhale Scopus umbrettus.

Agogo Chisale (Mabvuku): Ika cholembera pansi!

Jombo wa ku Mbare: 😂😂 Agogo adzuka pa mpando.

Agogo Chisale (Mabvuku): Mdzukulu, amene amasintha ndi mfotokozi yekha. Dzina lachiwirilo likakhala dzina paokha, longoimikidwa pambali pa linzake, silisintha ngakhale ulisamutse kakhumi. Tikati "mfumu Kalulu" m'nthano, kenaka "chitsiru Kalulu", Kalulu sasanduka Chalulu. Umbretta ndi dzina, ndiye nantchengwa musiye momwe alili. Njiwa yakoyo wakhoza mwangozi: capicola si mkazi wa capicolus. Ndi dzina, wokhala ku Cape, mbale wina wa agricola. Ukanaiika pa mfunda wachimuna ikanakhalabe capicola. Pali dokowe wina dzina lake Ciconia episcopus. Ciconia ndi wachikazi, episcopus ndi bishopu, ndipo palibe anayesapo kumusandutsa episcopa. Pomwe mnzake wakuda ndi Ciconia nigra, chifukwa kuda ndi kufotokoza.

Mwale wa ku Chivero: Choso woyera pamimba ndi chitsanzo china chabwino. Anzake atasamukira ku Cinnyris anavala us, iye anangolowa momwemo, Cinnyris talatala. Mawuwo ndi a Chitswana, Andrew Smith ndiye anawatenga mu 1836. Mawu osakhala a Chilatini sawapinda.

Nabanda (Mufakose): Ndiye munthu wamba ngati ine adziwa bwanji kuti ili ndi dzina, uyu ndi mfotokozi? Taonani china ndachipeza. Mbalame yakuda ya chikasu pamsana, ya mchira wautali, yomwe ana amaikonda kwambiri ku dambo. Buku likuti Euplectes macrourus, foni ikuti Euplectes macroura. Apa zayenda chobwerera! Ina achotsa a kuika us, ina achotsa us kuika a. Akutiseweretsa anthu amenewa?

Chikondi wa makompyuta (Avondale): Mwafika pamene ine ndimakwiyira. Poyamba penipeni inalembedwa Loxia macroura. Itasamukira ku Euplectes, mfunda wachimuna, anthu anaganiza ngati inu, naisandutsa macrourus. Pambuyo pake akatswiri anati ayi, mawuwa akuthera ndi oura, lomwe ndi dzina la Chigiriki la mchira, sanali oyenera kupindidwa, abwerere momwe analembedwera poyamba. Munthu wamba sangadziwe. Amafunika kupeza buku la m'ma 1700, kuona momwe wolembayo analembera, kutsegula madikishonale a Chilatini ndi Chigiriki, ndipo akatswiri okhaokha nthawi zina amasiyana maganizo. Ine maganizo anga, ndipo agogo andikhululukire: lamulo logwirizanitsali lichotsedwe. Dzina lachiwiri likhale momwe mwini wake analilembera tsiku loyamba, basi. Ndinapatsidwapo ntchito yophatikiza zolemba za mbalame za zaka zambiri, zina zotayipa pa makina akale, zina zatsopano. Kwa kompyuta torquata ndi torquatus ndi zinthu ziwiri. Mbalame imodzi inkawerengedwa kawiri, ina inkaoneka ngati inasowa chaka chakuti pamene inangosintha mchira. Ndinatha masabata ndikulumikiza ndi manja. Ndipo si ine ndekha woganiza choncho. Akatswiri ambiri a agulugufe ku Ulaya analisiya kale lamuloli, amangolemba dzina momwe linayambira, ndipo agulugufe awo akuuluka bwinobwino.

Agogo Chisale (Mabvuku): Ndakukhululukira, koma sindikuvomereza. Ukufuna tilembe "chimbalame yoyera" chifukwa makina ako sadziwa galamala? Phunzitsa makinawo. Corvus alba m'khutu mwanga zikumveka ngati munthu wavala nsapato ya kumanja phazi la kumanzere.

Chikondi wa makompyuta (Avondale): M'khutu mwanu agogo. Koma ndi angati atsala ndi khutu limenelo? Ku Malawi Chilatini chimadziwika ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama ndi maseminale. Kuno ndi sukulu zowerengeka. Wophunzira wa sayansi ku Brazil, ku China kapena ku Zomba, dzinali kwa iye ndi chizindikiro chabe, ngati nambala ya galimoto. Nambala ya galimoto sisintha chifukwa choti mwini wake wakwatira. Chichewa n'chamoyo, mwana amayamwira agwirizanitsi kubere. Chilatini cha mayinawa palibe amachiyankhula pa msika.

Mayi Naphiri (Highfield): Mwanangu Chikondi, pa zoti Chichewa n'chamoyo wanena zoona. Koma nambala ya galimoto sikuuza kanthu, pomwe mayinawa amayankhula. Lero lomwe ndaphunzira kuti kambalame kaja ndi "wokhala pa thanthwe wovala mkanda." Sindidzaiwalanso. Ngati tikufuna tanthauzo lake, tilandirenso ndi mwambo wake. Ukakwatira kumudzi kwa eni umagwada momwe amagwadira.

Chikondi wa makompyuta (Avondale): Tanthauzo silichoka amayi. Torquata ndi torquatus onse ndi mkanda womwewo. Komanso matanthauzowo ena ndi abodza, kambalameko ku Monavale kamatera pa udzu ndi pa waya, thanthwe lake lili kuti? Khwangwala ndi uja Jombo wamuseka kale.

Mwale wa ku Chivero: Ine ndili pakati. Pa ntchito yanga chimandivuta kwambiri ndi kusamuka kwa mifunda, michira ndi nkhani yaing'ono. Ukamva venusta kapena venustus umadziwa kuti ndi mbalame yomweyo. Koma Nectarinia kukhala Cinnyris umayenera kuphunziranso. Ndipo kusamukako sikungaletsedwe poti kukutsata ubale weniweni wa mbalamezo. Koma Chikondi, taganizira: lamulo lako litabwera mawa, mayina mazanamazana amene tinazolowera abwereranso ku kalembedwe koyamba. Venustus akhalanso venusta ali mu Cinnyris momwemo. Mapepala a achemwali athu asindikizidwanso kachitatu.

Chikondi wa makompyuta (Avondale): Kamodzi kokha, kenaka mtendere mpaka kalekale.

Agogo Chisale (Mabvuku): Mawu amenewo ndinawamvapo pa zinthu zambiri m'dziko muno.

Mlembi wa gulu: Pepani ndidule pang'ono. Amene sanapereke chopereka cha maliro cha mwezi uno, tsiku lomaliza ndi Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Pitirizani za mbalame.

Jombo wa ku Mbare: Alembi, ine ndine Jombo osaukus, mkazi wanga osauka. Tidzapereka mwezi wamawa.

Tadala (Dzivarasekwa): Funso langa ndi la nkhwazi, hungwe. Kusukulu tinaphunzira Haliaeetus vocifer. Tsopano ndikuona Icthyophaga vocifer. Icthyophaga ndi wachikazi eti? Bwanji sanaike vocifera?

Agogo Chisale (Mabvuku): Mwana uyu ali ndi khutu. Ine ndikanakhala wolemba ndikanaika vocifera osaganiza kawiri, chifukwa mawu othera ndi fer amapindika: fer, fera, ferum. Mwale, mbalame ya pa chizindikiro cha dziko lathu la Malawi aichita chiyani?

Mwale wa ku Chivero: Mndandanda waukulu wa mbalame za dziko lonse unaisamutsa posachedwapa, pamodzi ndi nkhwazi zina zodya nsomba, koma vocifer anatsala momwemo. Dzinali linachokera kwa Levaillant, Mfalansa amene anayenda kumwera kwa Africa. Iye anaitcha "le Vocifer" chifukwa cha kulira kwake kuja, ndipo Daudin mu 1800 analitenga n'kulemba Falco vocifer. Ndiye limatengedwa ngati dzina, titi "Mfuuli."

Chikondi wa makompyuta (Avondale): Ndipo lamulo lili ndi ndime yake ya zoterezi, 31.2.2. Mawu akakhala oti angathe kukhala dzina kapena mfotokozi, wolemba woyamba osanena chomwe ankatanthauza, amatengedwa ngati dzina ndipo sasintha. Mawu othera ndi fer ndi ger ndiwo chitsanzo chomwe bukulo limapereka. Mwaona agogo? Inu amene munaphunzira Chilatini zaka zonsezo mukanalakwitsa. Nanga Nabanda?

Agogo Chisale (Mabvuku): Pamenepo wandigwira, ndavomera. Koma taona kuti lamulo lomwelo ndi limene lathetsa mlandu. Popanda ilo ine ndikanalemba zanga, iwe zako.

Chikondi wa makompyuta (Avondale): Popanda ilo funsolo silikanabuka n'komwe.

Mayi Naphiri (Highfield): Inu awiri mudzamalizitsa pa maliro a wina. Ine ndifunse zanga. Ndili mtsikana tinapita ku Liwonde, ndinaona timbalame tobiriwira tofiira kumaso, tangati tizinkhwe. Mdzukulu wanga anandionetsa pa foni kuti ndi Agapornis lilianae. Nanga mchira wa ae umenewu ndi gulu liti?

Agogo Chisale (Mabvuku): Umenewo ndi wa umwini mayi, ngati "wa" wathu. Lilianae ndi "wa Lilian." Apa tsopano ndi pamene chimuna ndi chikazi chenicheni chimalowa, koma cha munthu amene akumulemekeza. Mwamuna amamuika i, mkazi ae. Ndipo sizisintha ngakhale mbalame isamuke mfunda.

Mwale wa ku Chivero: Zoona. Anatchula ndi Shelley mu 1894 polemekeza Lilian Sclater. Timbalameto tiliponso kuno ku Mana Pools, m'nkhalango za mitengo ya tsanya. Wa mwamuna ndi monga Swynnertonia swynnertoni wa ku nkhalango ya Chirinda, kapena livingstonii. Ndipo pali ina yokoma kwa ife a kwathu. Mlongo wake wa Lilian, William Sclater, ndiye anatchula mbalame ya m'nkhalango za ku Thyolo kuti choloensis mu 1927, nthawi imene azungu ankalemba Cholo. Boma linakonza kalembedwe kukhala Thyolo, mbalameyo yasamuka kuchoka ku Alethe mpaka ku Chamaetylas, koma choloensis ali pomwepo. Mchira wa ensis umatanthauza "wa kumalo akuti", ndipo ndi umodzimodzi kwa chimuna ndi chikazi. Umasintha pokhapokha mfunda ukakhala wa gulu lachitatu, pamene umakhala ense.

Jombo wa ku Mbare: Ndiye ine ndine Jombo mbarensis. Agogo ndi Chisale mabvukuensis.

Agogo Chisale (Mabvuku): Ine ndine dedzensis, mwana iwe. Ku Mabvuku ndinangobwera ndi ntchito.

Nabanda (Mufakose): Mwandithandiza nonse, ngakhale mutu ukuwawa. Ndadutsa mndandanda wonse dzina ndi dzina ndi foni m'manja mpaka magetsi athima. Mwa mbalame 35 ndapeza mayina 9 osiyana ndi buku. Anayi ndi a mchira wokha, enawo mfunda wasintha. Kusindikizanso sindingathe, mwezi uno ndi wa fizi. Ndikonza ndi cholembera.

Mayi Naphiri (Highfield): Usakonze onse mwanangu. Konza asanu a mfundawo, anayi a mchira uwasiye. Ukafika ku dambo uwauze anawo za shiri chena ndi bhiza jena, uwauze gulu la mfunda uliwonse, akonze okha. Ana amagwira chimene apeza ndi manja awo. Macroura yekha uwauziretu, angadane ndi phunzirolo.

Chikondi wa makompyuta (Avondale): Ndipo pansi pa pepala mulembe kuti mayina mwatsata mndandanda uti ndi wa chaka chiti. Mu 2025 kunatuluka AviList, wophatikiza mindandanda ikuluikulu yomwe inkasiyana, uli ndi mitundu yoposa 11,000. Mukalemba chaka, wodzaona pepalalo patsogolo sadzavutika ngati momwe ndinavutikira ine. Buku la agogo anu musalitaye, zithunzi ndi makhalidwe a mbalame sizinasinthe.

Nabanda (Mufakose): Kulitaya ayi. M'mphepete mwa masamba agogo analembamo ndi pensulo masiku amene anaona mbalame iliyonse m'munda muja, ena ndi a 1974.

Mwale wa ku Chivero: Limenelo ndi chuma, mudzandionetse. Loweruka mufike m'mawa kwambiri, isanakwane 7. Ino ndi nthawi yabwino, mvula yagwa, macroura aamuna avala zakuda ndi chikasu chawo, muwaona akuuluka pamwamba pa udzu. Koma dambo ladzadza madzi, ana asabwere ndi nsapato za sukulu. Muwauzenso kuti malo amenewa analowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 2013 pamodzi ndi Chivero ndi Cleveland Dam, ndipo madzi ake amatsikira ku mtsinje wa Marimba mpaka kunyanja kuno, omwe timamwa tonsefe.

Jombo wa ku Mbare: Majombo a mphira ndili nawo pa tebulo langa, masaizi a ana aliponso. A pa gulu lino ndikuchotserani.

Nabanda (Mufakose): Ndaika chithunzi cha pepala lokonzalo. Taonani ngati zili bwino.

Agogo Chisale (Mabvuku): Magalasi anga akuona chinthu chimodzi. Pa nambala 22 walemba Ciconia Abdimii, A wamkulu. Dzina lachiwiri limayamba ndi lemba laling'ono nthawi zonse, ngakhale lichokere ku dzina la munthu. Mfunda wokha ndiwo umayamba ndi lalikulu.

Nabanda (Mufakose): Mapepala 40 agogo.

Agogo Chisale (Mabvuku): Bwera nawo mawa madzulo ku Mabvuku, agogo ako aakazi aphika nkhwani. Tigawana 20 20.